Nkhope ya Pakhoma

"Choka pakhomopo, iwe! Ndati ndikufuna ndione ndi maso angawa, osati kumangomvera kwa anthu a mumsewu."

"Achimwene, tatsitsani mawu, mukuopseza mwana. Kuchipinda kwa mlamu wanu mukukafunako chiyani?"

"Nyumba ino ndi ya mng'ono wanga. Ngati mwalowa misala muno ndidziwe ine, osati ndizikauzidwa ndi ogulitsa tomato."

Azakhali a mwanayo, mlongo wawo wa Achimwene, anaima pachitseko cha kuchipindako atatambasula manja ngati nkhuku yobisa anapiye. Chibadwire anali asanawatsekerepo njira Achimwene. Ungamutsekere bwanji munthu amene anakulera makolo atamwalira? Anawalera awiri, iwowo ndi Chitsiriza, mlongo wawo wamng'ono, amene mwezi wapitawo anagwa pamakwerero akulemba chikwangwani cha sitolo, osadzukanso. Anasiya mkazi wamng'ono ndi kamtsikana ka zaka zitatu, kamene iye ankakatcha Kanyerere chifukwa kankayenda ndi nyenyeswa za buledi m'manja paliponse.

Achimwene sanakankhe munthu. Anangowayang'ana Azakhali ndi diso lawo lija, manja n'kutsika okha. Chitseko chinatseguka.

Abale inu, khoma lija! Kuyambira pansi mpaka pamene dzanja la munthu lingafike panali nkhope zokhazokha zojambulidwa ndi makala. Zina zopanda maso, zina zopanda pakamwa, zina zofufutidwa ndi chikhatho n'kungotsala chinthu chakuda. Pabedi panali mlamu wawo, mkazi wa malemu, manja ali bii mpaka m'zigongono. Kanyerere anali pamiyendo pake, masaya ali ndi zidindo za zala za makala.

"Mayo ine!" anakuwa Madamu, akazi a Achimwene, atasuzumira paphewa pa amuna awo. "Ndimayesa anthu akukokomeza. Mwanayu amagona muno, zigaza zimenezi zikumuyang'ana?"

"Si zigaza," anatero Azakhali. "Ndi chisoni. Aliyense amalira mwamtundu wake."

"Kulira kwake kuti? Pamaliro paja munamuona akugwetsa msozi ngakhale umodzi? Ife tinalira mpaka mawu kusasa, mwini wake ali duu ngati mlendo."

Zoonadi, Madamu analira pamaliro paja, anamveka mpaka kumsika. Koma ndani sanaone kuti pakamwa pankalira maso akuyendera mipando? Dothi la kumanda lisanaume, njinga yamoto inakwera galimoto, wailesi inakwera, makwerero omwe anapha munthu aja anakweranso, ndi foni ya malemu yomwe. Ankati akukasunga. Azakhali anaziona zonsezi, koma anangomeza malovu.

"Alamu," Achimwene analankhula ndi wamasiye uja, mawu atatsikako. "Mukundimva? Zimenezi n'chiyani?"

Mlamu anangomufungatira mwana mwamphamvu mpaka mwanayo anadandaula.

"Mwaonatu. Ine sindidikira kuti mwanayu agwere pamoto ndiye tizidzati tikanadziwa. Zengerezu analinda kwawukwawu. Mwezi uno ukamatha ndikubwera kudzamutenga, akakulire kwathu ndi anzake. Mayi akewa apite kwa makolo awo akawafunire thandizo."

"Achimwene, munthu wataya mwamuna, ndiye mumulandenso mwana? Mukufuna naye timuike m'manda?"

"Magazi ndi athu. Iwe ndiwe zakhali wake, ukanayamba ndiwe kuda nkhawa. Tandiuza, dzulo mwanayu anadya nthawi yanji?"

Dzulo lakelo Azakhali anafika dzuwa litapendeka n'kupeza mbaula ili zii, mwana akutola nyenyeswa patebulo, mayi wake atayang'ana khoma, khala lili m'manja. Bodza linawakanika kutuluka. Galimoto italira n'kupita, anangokhala pansi pakhonde n'kugwira mutu.

Masiku otsatirawo Azakhali sanaluke tsitsi la munthu n'kuwongoka. Anali ndi kasaluni kawo kuseri kwa msika, ndipo makasitomala anayamba kudandaula kuti mizere ikupita kumene sanaitume. Manja anali pamutu pa kasitomala, mtima uli kwa mlamu. Nanga Achimwene atakhala kuti akunena zoona? Nanga tsiku lina mwana atatuluka yekha n'kulowa mumsewu, mayi wake ali pakhoma? Koma akaganiza za Kanyerere m'nyumba ya Madamu, ankaopa kwambiri. Mtsikana wina wachibale anapitako zaka za m'mbuyomo kuti akaphunzire sukulu, n'kubwerako akudziwa kukolopa kokha.

Ndiye anaganiza nzeru, ndipo anaiona ngati yakuya. Umboni wonse wa Achimwene unali khoma. Khoma likayera, mlandu watha.

Anamunyengerera mlamu kuti apite ndi mwana kusikelo, n'kumuperekeza mpaka pamsewu. Atangokhota, Azakhali anathamangira mosungira katundu, momwe munali zinthu zimene Madamu anaziona kuti n'zopanda ntchito: zitini za penti zotsala theka, matabwa angapo, maburashi ouma ndi thumba la laimu. Anasungunula laimu m'ndowa n'kuyamba kupaka. Pakona, pafupi ndi windo, panali nkhope imodzi yomwe inawaimitsa dzanja. Nsidze zake zinali ngati akuzidziwa. Koma anati, aa, zomwezi ndi zimene zikutilanditsa mwana, n'kupititsapo burashi. Anapaka kawiri, chipinda chinayera mbee, ndipo anadziyamikira okha.

Mlamu atabwera anatsitsa mwana kumsana n'kulowa kuchipinda. Azakhali anadikira pakhomo akumwetulira. Kunamveka kamawu kamodzi kokha, kakang'ono, ngati ka munthu amene wapondedwa pabala.

"Ya pakona ija," anatero mlamu. Anali mawu ake oyamba kwa Azakhali pa masabata ambiri, ndipo anatuluka okhakhala. "Alamu, ya pakona ija mwaipakanso?"

"Ndapaka zonse, mlamu. Ndachitira iwe ndi mwanayu. Achimwene akabwera adzapeze..."

"Inali itatsala pang'ono." Anagwira khoma lonyowalo ndi zikhatho zonse ziwiri. "Inali itayamba kufanana naye."

"Kufanana ndi ndani?"

"Ndi mlongo wanu! Mumayesa ndimajambula ndani? Muno mulibe chithunzi chake ngakhale chimodzi. Zonse zinali mufoni, foni anatenga. Ine nkhope yake ikundithawa, alamu. Ndikatseka maso ndimangoona imene ndinaiona kuchipatala ija, yotupa, yosakhala yake. Mwanayu amandifunsa kuti adadi ali kuti, ndimati anapita. Mawa adzandifunsa kuti ankaoneka bwanji, ndidzamuonetsa chiyani? Ndimuonetse khoma loyera?"

Azakhali anatenga chinsanza n'kuyamba kupukuta pakona paja mwaphuma, koma laimu anasakanikirana ndi makala n'kukhala matope otuwa. Madzi akatayika saoleka. Analira iwo, wolakwa, pamene wolakwiridwayo anangokwera pabedi n'kutembenukira kukhoma.

Madzulo omwewo anawaimbira Achimwene.

"Foni ya Chitsiriza ija ikadalipo? Timafuna zithunzi zomwe zinalimo."

"Ndinapatsa mwana wanga wamkuluyu, yake inasweka. Anafufuta zonse kuti aikemo nyimbo zake. Bwanji?"

"Zonse?"

"Nanga foni ingokhala m'kabati? Ngati n'chithunzi, chiphaso chake ndili nacho."

Chiphaso chakecho Azakhali ankachidziwa. Kachithunzi kake kanali ngati chikhadabo, kosuluka, Chitsiriza atatong'ola maso ngati wakuba amene wagwidwa ndi nkhuku m'manja. Iye mwini ankachiseka. Anafuna kufotokoza, koma anaopa. Ukawauza Achimwene kuti mkazi waiwala nkhope ya mwamuna wake, si ndiye wawapatsa ndodo ina yomumenyera? Anangodula foni mokwiya.

Zinthu zinaipiraipira. Poyamba mlamu ankadzuka chifukwa cha khoma, tsopano analibe chodzukira. Tiyi ankazizira pampando, buledi ankauma. Azakhali ankabwera m'mamawa kudzasambitsa Kanyerere, kumubereka mpaka kusaluni, n'kumubweza madzulo, ndipo nthawi iliyonse akamatsegula chitseko ankayamba amvetsera ngati munthu akupuma m'chipindamo. Mwezi nawo unkathamanga ngati wotumidwa.

M'mawa wina anapsa mtima, ndipo mtima umene anapsawo unali wa mantha. Anatsegula windo, n'kuvundukula bulangete.

"Dzuka, mlamu! Ndinakulakwira, ndikudziwa, ndipo ndidzafa nalo. Koma unditukwane uli chiimire, osati chogona. Ukagona chonchi mwanayu apita, ukundimva? Apita!"

"Mwina kuli bwino apite. Ine ndatha."

"Watha iwe? Pepa, sunathe. Tiye kusaluni. Chikwangwani changa chinasuluka, mlongo wanga anandilonjeza chatsopano mpaka wapita osandipangira. Mitu inayi ya azimayi, aliyense ndi malukidwe ake. Penti alipo, thabwa lilipo. Sindikudziwa ngati ungathe, koma makala aja ndinaona kuti dzanja lili nawe."

Mlamu anatembenuka pang'onopang'ono n'kuwayang'ana. Kwa nthawi yoyamba m'maso mwake munali kanthu kena, ngati kunyansidwa.

"Ngati ndingathe? Alamu, nkhuku za pasitolo ya mazira zija mumayesa anajambula ndani? Nanga ng'ombe ya kubutchala? Mlongo wanu ankadziwa zilembo basi. Nkhuku yake inkaoneka ngati ndege ya m'mwamba. Ndinkajambula ine kuseri kuno, iye n'kukapachika."

"Ha! Ndiye ankayenda monyada chonchija ndi nkhuku za mwini wake? Bwanji sankanena?"

"Ankati anthu akadziwa kuti wajambula ndi mkazi adzanyoza ntchito. Ankati tidikire kaye dzina likule."

"Wabodza uja! Akanakhala moyo ndikanamukoka khutu. Dzuka ndiye, ukandijambulire mitu. Mutu umodzi susenza denga, ine ndikufuna inayi."

Mlamu sanaseke, koma anatsitsa miyendo pansi. Azakhali anamupatsa madzi osamba mofulumira, kuopa kuti angasinthe maganizo.

Kusaluni anamuikira kampando pakhonde, thabwa analitsamiritsa kukhoma. Tsiku loyamba anangopaka penti woyera n'kumayang'ana. Tsiku lachiwiri anafunsa mayi wina wogulitsa nsomba, amene ankalukitsa, ngati angalole kuti amujambule.

"Jambula, mwanawe, koma undichotsereko chibwano chachiwirichi. Amuna anga asachione pachikwangwani, chikwanire cha kunyumba."

Khonde lonse linaseka. Mlamu anayang'ana mayiyo, n'kuyang'ana thabwa, dzanja n'kuyamba kuyenda lokha. Pofika masana wogulitsa nsomba anali pathabwapo, ndi zibwano zake zonse ziwiri, ndipo aliyense wodutsa ankamuzindikira n'kumutchula. Mwini wake anakalipa mwachiphamaso, kenako anakaitana anzake kuti adzaone. Tsiku limenelo mlamu anadya buledi yense amene anamupatsa, Kanyerere akutola nyenyeswa pamiyendo pake. Azakhali anatembenukira kumbali kuti asaonetse misozi.

Komabe mtima wawo sunakhale pansi. Msika uli ndi makutu, ndipo makutu ena anali a Madamu. Sabata isanathe foni inalira.

"Ndamva kuti tsopano wayamba kujambula anthu pamsika," anatero Achimwene. "Mwamuna wake sanaole n'komwe, iye ali pakhonde kusekerera ndi ogulitsa nsomba. Ukumuonetsa kugulu ngati chinyama? Loweruka ndikubwera. Mukonzeretu zovala za mwana."

Koma anthu! Akakhala m'nyumba akuti wapenga, akatuluka akuti alibe chisoni. Nanga wamasiye aziima pati? Azakhali anaopa kumuuza mlamu, koma mlamu anali atamva kale, chifukwa Achimwene akamalankhula pafoni amamveka ngati ali pachimkuzamawu.

"Loweruka," anatero mlamu, burashi ili m'malere. Kenako anaiika pansi. "Nkhope za anthu ena zikubwera, alamu. Yake yokha ndi imene ikukana. Dzanja langali limajambula chimene maso akuona. Za m'mutu silitha."

Azakhali anakhala pampando wa makasitomala, manja ali lende, n'kumangomuyang'ana. Mlamu naye anawayang'ana, ndipo mwadzidzidzi nkhope yake inasintha.

"Musasunthe. Yang'anani kuno, momwemo. Musaphethire."

"Chavuta n'chiyani? Ndili ndi kanthu kumaso?"

"Khalani chete, alamu, chonde."

Anakoka thabwa lina laling'ono, n'kutenga khala pambaula yotenthetsera madzi. Sanajambule mutu, sanajambule tsitsi. Anajambula maso awiri okha ndi nsidze zake, pakati pa thabwa loyera. Atawatembenuzira, Azakhali anagwira pakamwa. Maso anali awo ndithu, koma amene ankawayang'ana pathabwapo anali Chitsiriza.

"Maso ndi anu," ananong'ona mlamu. "Zaka zonsezi sindinaone."

Nthawi yomweyo Kanyerere, amene ankalimbana ndi mphaka wa pafupi, anaphulika kuseka, pakamwa ponse poyera, mlomo wam'mwamba utakwera mbali imodzi, kampata ka mano kali poonekera. Akuluakulu awiriwo anayang'anana. Pakamwa pamenepo panali pa Chitsiriza penipeni. Azakhali anamunyamula mwanayo n'kuyamba kumugirigisha m'khwapa, mwana akuseka mpaka kutsamwa, mayi wake akujambula ngati akuthamangitsidwa. Dzuwa likamalowa pathabwapo panali maso, mphuno ndi pakamwa poseka, zikuyandama popanda mutu.

"Chatsala ndi chipumi, makutu ndi chibwano," anatero mlamu. "Si zanu, si za mwanayu."

"Ndikudziwa kumene zili," anayankha Azakhali. "Zikubwera Loweruka ndi galimoto."

Loweruka linafika mofulumira ngati ngongole ya mnansi. Azakhali analawirira, anasesa, anasambitsa mwana, anamupesa mlamu tsitsi, n'kumabwerezabwereza malangizo: uyankhe akakufunsa, usayang'ane pansi, thabwalo ulibise. Akabisa thabwa kuseri kwa kabati, mlamu ankalitulutsa. Akabisanso, ankalitulutsanso. Galimoto itaima panja, thabwa linali pabalaza, litatembenuzidwira kukhoma.

Madamu sanafune ngakhale kukhala pansi. Analowa kuchipinda, anayang'ana khoma loyera n'kufwenthera, kenako anayamba kulonga madiresi a Kanyerere m'chikwama chimene anabwera nacho.

"Kupaka laimu sikuchiza mutu," anatero potuluka, n'kupita nacho chikwamacho kugalimoto.

Achimwene anaima pakati pa balaza, makiyi ali m'manja. "Tisatalikitse nkhani. Alamu, simukulandidwa mwana. Tikukusungirani mpaka mupeze bwino."

"Ngati mmene mukusungira njinga ija?" zinawapulumuka Azakhali.

"Iwe, samala pakamwa pako."

"Alamu," anatero mlamu. Mawu anali otsika koma omveka, ndipo Achimwene anadzidzimuka, pakuti anali asanamumve akulankhula chichitikire maliro. "Ndikupempheni chinthu chimodzi musanamutenge. Mukhale pampando uwu pang'ono, muyang'ane kuwindo."

"Kuti zitani?"

"Ndikujambuleni."

"Mwamva?" anakuwa Madamu ali pakhomo. "Akufuna akuikeni pamodzi ndi zigaza zija! Musalole, bambo. Munthu wabwinobwino angapemphe zimenezi mwana wake akupita?"

Apa Azakhali chinawakwana. Mantha onse a zaka zambiri anasanduka moto, ndipo analankhula osapumira.

"Zigaza, zigaza! Mukudziwa kuti anali ndani pakhoma paja? Anali mng'ono wanu, Achimwene! Mkaziyu ankafunafuna nkhope ya mwamuna wake ndi makala chifukwa zithunzi zonse zinali mufoni imene munanyamula maliro asanathe, ndipo mwana wanu anafufuta kuti aikemo nyimbo. Nyimbo! Munamulanda nkhope, iye akuifuna, inu mukuti wapenga. Ine ndinabwera ndi laimu wanga n'kumalizitsa. Tonse tamupweteka, ndipo palibe mmodzi anamufunsa kuti mlamu, ukufuna chiyani pakhomapa. Wamisala anaona nkhondo, Achimwene. Khalani pampandopo, mpando suluma!"

Azakhali anadikira mbama, kapena mawu oposa mbama. Achimwene anayang'ana makiyi awo, anayang'ana Kanyerere amene anali atabisala kuseri kwa siketi ya mayi wake, kenako anakoka mpando mwaukali.

"Chabwino. Ndiione misalayi mpaka pothera pake. Koma ikatha, mwana akukwera galimoto."

Mlamu anakhala moyang'anana nawo, thabwa lili pamaondo, kumbuyo kwake kutaloza kwa iwo. Khala loyamba linathyoka. Lachiwiri linagwa pansi. Azakhali anasendera pafupi. Nanga zikakanika? Nanga pakatuluka chigaza china, Madamu ali pompo kuti achione? Ndiye kuti iwo omwe, ndi pakamwa pawo, amukankhira mwana m'galimoto. Anapemphera chamumtima pemphero lopanda mutu ndi mchira.

"Kwezani chibwano pang'ono, alamu. Musakwinye chipumi."

"Ndi mmene chilili."

"Ayi, mukuchikwinya. Iye sankakwinya."

Achimwene anatulutsa mpweya, chipumi n'kumasuka. Khala linayamba kumveka pathabwa, kwe, kwe, kwe, ndipo silinaimenso. Madamu anapita kugalimoto n'kuliza hutala, palibe anatembenuka. Analizanso kachiwiri, motalika.

Kanyerere anatopa ndi kubisala. Anazungulira n'kukaima pambali pa mayi wake, kabuledi kali m'manja, n'kusuzumira pathabwa. Anayang'anitsitsa, mutu utapendekera mbali imodzi. Buledi anagwa pansi.

"Adadi!" anakuwa. "Amama, adadi awa! Adadi akuseka!"

Anaika kachikhatho kake patsaya la pathabwalo, n'kuyang'ana kuseri kwa thabwa ngati akufuna thupi lake. Mlamu anasiya khala. Kulira kumene kunakana kutuluka pamaliro kunatuluka tsopano, kochokera pansi pa mimba, ndipo Azakhali anamugwira mapewa kuti asagwe pampando.

Achimwene anadzuka pang'onopang'ono n'kuzungulira. Anaima kumbuyo kwawo nthawi yaitali. Chipumi chinali chawo, makutu otambasuka aja anali awo, chibwano chinali chawo, koma munthuyo sanali iwo. Anali mnyamata amene anamulera, akuseka ndi kampata kake ka mano ngati wangomaliza kunena bodza. Achimwene anatulutsa kampango m'thumba, anapukuta magalasi awo a m'maso omwe sanali akuda, n'kutuluka panja.

Azakhali anamva chitseko cha galimoto chikutseguka, anamva mawu a Madamu akukwera, akufunsa, akukalipa. Anamugwira Kanyerere padzanja mwamphamvu, osadziwa kuti akamukoka adzatani.

Achimwene analowanso ndi chikwama chija n'kuchiika pansi pafupi ndi kabati. Sanayang'ane munthu kumaso. Analoza thabwa ndi kiyi wa galimoto.

"Chithunzichi sichinathe. Pakhutu lakumanzereli panali chipsera, anagwa mumtengo ali wamng'ono, ndinamunyamula ndine. Khosi palibe, mapewa palibe. Ndiponso makala amafufutika, pafunika penti." Anakhosomola. "Pakamwapa mukuonera kwa mwanayu, eti? Ndiye akhale kaye kuno mpaka chithunzichi chithe. Chikatha tidzakambirana."

Mlamu anapukuta misozi ndi kuseri kwa dzanja, n'kusiya mzere wakuda patsaya. Anawayang'ana Achimwene m'maso, zimene anali asanachitepo chikwatiwire pabanjapo.

"Chithunzi ngati ichi chimachedwa, alamu. Mwina chidzatha mwanayu atakula."

Hutala inaliranso panja. Achimwene anawerama, anatola kabuledi kaja, anakapukuta pamalaya awo n'kumupatsa Kanyerere.

"Ndiye musafulumire," anatero.